Momwe mungayambire kutolera zigoba za nkhono muli ku Blantyre, n'kuzisandutsa nkhani

Munthu wa ku Ndirande kapena ku Chilomoni akamva za kutolera zigoba za nkhono, amati izo n'za anthu a ku Beira ndi ku Mombasa. N'zoona, dziko lathu lili kutali ndi nyanja yamchere. Koma nkhono tili nazo, kuyambira kuseri kwa nyumba mpaka ku Mangochi, ndipo zina mwa izo sizipezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Ndalama zambiri sizifunika. Chofunika ndi maso, kope ndi pensulo, ndipo kopelo ndi limene limasiyanitsa wotolera weniweni ndi munthu wongounjika zinyalala pawindo.

Yambirani pakhomo

Mvula ikagwa mu Novembala kapena Disembala, nkhono zikuluzikulu za kumtunda zimatuluka m'madimba, m'nthochi ndi m'munsi mwa mipanda. Zamoyozo zisiyeni. Inu funani zigoba zopanda kanthu zimene zayera ndi dzuwa.

Mukapeza chimodzi, chigwireni nsonga ili m'mwamba, khomo lake likuyang'ana kwa inu. Muona kuti khomolo lili kudzanja lamanja, ndipo nkhono zambiri ndi zotero. Werengani kuti chazungulira kangati. Kenako yendetsani chikhadabo pamsana pake, mumva timizere tating'ono. Nkhono imakulitsa nyumba yake poonjezera kukhomoko pang'onopang'ono, choncho kansonga kaja ndi komwe inabadwa nako, ndipo timizereto tikusonyeza momwe inakulira. Pena mupeza chipsera pomwe chinasweka n'kudzimatanso. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa mwambiwu ukugwira ntchito momwe ulili. Amene waphunzira kuyang'ana chonchi pakhomo sadzavutika akafika kunyanja.

Ulendo wa kunyanja

Kuchokera ku Blantyre kudzera ku Zomba ndi ku Liwonde, Mangochi ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 190. Lawirirani m'mamawa anthu asanapondeponde mchenga, ndipo yendani motsatira mzere wa zinyalala zomwe mafunde asiya usiku. Nyengo ya mwera, mu Juni ndi Julayi, mafunde amakhala amphamvu ndipo amatulutsa zambiri. Cheukaninso pomwe asodzi amakokera makoka, chifukwa zigoba za pansi pa nyanja zimabwera ndi ukonde. Apatseni moni, apempheni, ndipo afunseni kuti iwo amazitcha chiyani.

Chomwe ndikufuna mukachione ndi chigoba chachikulu, chozungulira, cha nkhono yotchedwa Lanistes nyassanus, yomwe kwawo ndi m'nyanja ya Malawi mokha. Chigwireni monga munachitira kunyumba kuja: khomo lake lili kumanzere. Pansi pa nyanja, zigoba zimenezi zikatsala zopanda mwini, tinsomba tina ta mtundu wa mbuna timabisalamo. N'chifukwa chake sindikulimbikitsa zodumphira m'madzi kukazivuula. Tolani za pamtunda, ziwiri kapena zitatu za mtundu uliwonse, osati thumba lonse.

Pali zinthu ziwiri zoti musaziiwale. Choyamba ndi lamulo. Cape Maclear ndi zilumba zake zili mu Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984. M'malo otetezedwa simutenga kanthu popanda chilolezo, kumeneko jambulani ndi foni basi. Chachiwiri ndi likodzo. Tinkhono ting'onoting'ono ta mtundu wa Bulinus, tomwe natonso khomo lake lili kumanzere, ndi timene timasunga tizilombo ta matendawa. Tizilomboto timatuluka m'nkhono yamoyo, n'kusambira, n'kulowa pakhungu la munthu. Chigoba chouma cha pamchenga sichingakupatseni likodzo, choopsa ndi kulowa m'madzi momwe muli nkhonozi, makamaka odikha a m'bango. Ngati ana alowamo, kapena mwaona magazi m'mkodzo patapita nthawi, pitani kuchipatala, mankhwala a praziquantel alipo. Za ng'ona ndi mvuu za ku Shire ndi ku Malombe mukuzidziwa kale.

Nanga za m'nyanja yamchere?

Izi zimafika ku Blantyre kudzera mwa anthu: mbale wopita ku Quelimane kudzera ku Muloza, woyendetsa thiraki ya ku Beira kapena ku Nacala, mnzanu wokapikula katundu ku Dar es Salaam. Muwatume, koma muwauze bwino kuti mukufuna zotola pamchenga komanso dzina la gombe lake. Za pamsika zonyezimira kwambiri zija nthawi zambiri amazivuula zamoyo n'kuzipha. Ine ndimakonda chokumbudzuka pang'ono chomwe ndikudziwa kwawo kusiyana ndi chokongola chosadziwika komwe chinachokera.

Mukapita nokha, suzumirani m'kati musanaike m'thumba, chifukwa muli tinkhanu tina tomwe timakhala m'zigoba zosiyidwa. Nkhono zamoyo za mtundu wa cone, zamawangamawanga zosongoka mbali imodzi, zili ndi ululu woti n'kupha munthu, musazigwire. Ndipo zigoba zikuluzikulu za giant clam n'zotetezedwa ndi CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a zamoyo zimene zili pangozi yotha, ndipo kuwoloka nazo malire popanda zikalata kungakuputireni mlandu.

Kutsuka

Apa mpofulumira. Ziviikeni m'beseni la madzi oyera usiku umodzi, m'mawa muzikweche ndi mswachi wakale. Ngati zikununkha, ndiye kuti m'kati mwatsalira kanyama. Ziikeni panja pomwe pali nyerere kwa masiku angapo, kapena ziviikeni kanthawi kochepa m'madzi othira Jik pang'ono, kenako muzitsukuluze. Viniga ndi mandimu ayi. Chigoba chinapangidwa ndi laimu, ndipo chilichonse chowawasa chimachidya. Yanikani pamthunzi, chifukwa dzuwa limafufutsa mtundu. Zikauma mungapakeko kadontho ka mafuta a ana kuti mtundu uwale.

Kulemba ndi kusunga

Tsiku lomwelo, musanaiwale, patsani chigoba chilichonse nambala. Ilembeni ndi pensulo pakapepala n'kukalowetsa m'khomo mwake. M'kope lembani nambalayo, malo, tsiku, amene anatola, ndi momwe panalili: pamchenga, pamatope, m'khoka. Muyeze kutalika kwake ndi rula. Dzina lachisayansi likhoza kudikira, mudzalipeza pa intaneti pofananitsa zithunzi. Koma malo ndi tsiku zikatayika, palibe amene angakubwezereni.

Lembaninso zomwe anthu ananena. Ngati agogo a kumudzi kwa asodzi anakuuzani kuti kale ankazisinja kupatsa nkhuku kuti mazira alimbe, zimenezo zilowe m'kope.

Posungira musagule kanthu. Mabokosi a machesi oyalamo thonje amakwanira tating'ono, thireyi ya mazira imasunga zokulirapo, ndipo zonse zikhoza kulowa m'katoni ya nsapato. Ikani pouma, patali ndi ana okwawa amene angaike tating'ono m'kamwa.

Kuchokera m'katoni kupita m'nkhani

Olemba nkhani zopeka amakonda zigoba, koma ambiri amangobwereza chinthu chimodzi: munthu waika chigoba kukhutu, wamva nyanja, walira. Phokoso limene lija si nyanja, ndi phokoso la pamalo pomwe mwaimapo likumveka m'mphako ya chigobacho. Kapu imachitanso chimodzimodzi. Ngati mukufuna kulemba nkhani yaifupi, yambirani m'kope lanu, chifukwa mmenemo muli kale malo, nthawi ndi munthu.

Funso loyamba likhale lakuti chigobachi chafika bwanji kuno. M'dera lathu lino funso limeneli lili ndi mbiri yolemera. Kalekale zigoba za kunyanja yamchere zinkayenda ndi amalonda mitunda italiitali kulowa kumtunda. Mphande, yomwe ankaidula kuchokera ku tsinde la chigoba cha cone, inali chovala cha mafumu ndi anthu olemekezeka. Mu 1854 mfumu Shinte ya Alunda inapatsa David Livingstone chigoba chotere, ndipo iye analemba kuti ziwiri zinkagula kapolo, zisanu zinkagula mnyanga wa njovu. Tizigoba tating'ono tosalala ta m'nyanja yamchere totchedwa cowrie tinali ndalama m'maiko ambiri a mu Africa. Ndiye ganizirani mtsikana wa ku Bangwe amene wapeza mphande m'sutikesi ya malemu agogo ake. Anaipeza kuti agogowo? Anali mbali ya ogula kapena ya ogulidwa? Nanga amalume akamva kuti pali mzungu wofuna kuigula, banja ligwirizana?

Chachiwiri, chigobacho chigwire ntchito m'nkhanimo. Wina achibe, achigulitse, achiswe, achikane, kapena aname za komwe anachitenga. Bambo woyendetsa thiraki amene amabweretsera mwana wake chigoba ulendo uliwonse, tsiku lina wabweretsa chokhala ndi khomo kumanzere, chonsecho akuti anali ku Beira. Mwana amene ali ndi kope lake adziwa kuti chimenecho n'cha ku Mangochi, ndipo nkhani yayambira pomwepo. Simufunikanso kufotokozera owerenga kuti chigoba chikuimira chiyani.

Chachitatu, lembani chigobacho chili patebulo pamaso panu. Onani pomwe chabenthuka, mchenga wotsalira m'kati, kulemera kwake m'dzanja, ndipo sankhani zinthu ziwiri zokha zoti zilowe m'nkhani. Mukamaliza, werengerani anthu a pakhomo mokweza. Pomwe ayambe kuyang'ana pa foni, pamenepo mpofunika kudula. Kenako itumizeni ku nyuzipepala za kumapeto kwa sabata zomwe zimasindikiza nkhani zazifupi, kapena funsani a Malawi Writers Union za mipikisano yomwe ilipo chaka chino.