Kagwiritsidwe Ntchito ka Splint ya Mano Minofu ya Nsagwada Ikamapweteka

Munthu amene amadzuka m'mawa masaya atatopa ngati wachezera kutafuna nzimbe, mutu ukuwawa m'litsipa, nthawi zambiri amakhala kuti amakukuta mano kapena kuwalumanitsa mwamphamvu ali m'tulo. Minofu imene imavutika kwambiri ndi iwiri: masseter, umene umatukumuka pa tsaya mukaluma, ndi temporalis, umene uli m'litsipa. Splint ndi kapulasitiki kopangidwa motsatira mano anu, kamene mumavala usiku kuti mano a m'mwamba asalumane ndi a m'munsi. Imateteza mano kuti asaperepeseke ndipo kwa anthu ambiri imachepetsa ululu, koma siithetsa chizolowezi chokukuta mano.

Yambani mwatsimikiza kuti vuto ndi minofu. Lumani mano, gwirani pamene patukumuka pa tsaya, masulani, kenako dinani ndi chala kwa masekondi angapo. Ngati ululu umene wabwera ndi womwe uja mumamva masiku onse, ndiye kuti minofu ikukhudzidwa. Yesaninso kuyasamula: munthu wamkulu amatsegula pakamwa mamilimita 40 kapena kuposerapo, pafupifupi zala zitatu zoimika pakati pa mano a kutsogolo. Dzino lobooka, chotupa cha mafinya, kapena dzino lomaliza la kumbuyo limene likumera mopingasa zimapweteka mofanana ndi minofu, ndipo splint siingathandizepo kanthu. Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo ngati nsagwada zauma patapita masiku mutavulala ndi msomali, khasu kapena minga, chifukwa kafumbata amayamba choncho. Chitaninso chimodzimodzi ngati ululu wa nsagwada wabwera pamodzi ndi kupweteka pachifuwa, kapena ngati mwapitirira zaka 50 ndipo nsagwada zimawawa mukamatafuna, m'litsipa mukupweteka, maso akuchita chidima.

Splint imene madokotala a mano ambiri amaidalira pa vuto la minofu ndi yolimba, ya pulasitiki ya acrylic, yophimba mano onse a nsagwada imodzi, kawirikawiri ya m'mwamba. Imadziwika ndi dzina loti Michigan splint chifukwa inakonzedwa ku yunivesite ya Michigan ku America, komwe akatswiri a mano Ramfjord ndi Ash ankagwira ntchito. Mbali yake yolumapo imakhala yosalala, yopanda maenje oti mano a m'munsi akodwemo, ndipo ku mano a kumbuyo imakhuthala pafupifupi mamilimita 2.

Poipanga, dokotala amayamba wachiza mano obooka ndi usinini wotupa, chifukwa dzino likamatidwa splint itapangidwa kale siikwananso. Kenako amadinda mano a m'mwamba ndi a m'munsi ndi phala la alginate, limene limauma m'kamwa m'mphindi ziwiri kapena zitatu. Chidindocho chiyenera kuthiridwa mwamsanga phala la pulasitala lopangira chifanizo cha mano anu, apo ayi chimafota ndipo splint imatuluka yosakwana bwino. Amakulumitsaninso phula lofewa kuti aone mmene nsagwada zimakumanirana zitamasuka.

Ntchito yaikulu ili pa tsiku loivala koyamba. Splint iyenera kulowa ndi kaphokoso kakang'ono, osagwedera, osagwa mukayasamula. Dokotala amaika kapepala kopaka utoto wabuluu pakati pa splint ndi mano a m'munsi n'kukuuzani kuti mugogodetse mano pang'onopang'ono. Akatulutsa splint ija, amafuna kuonapo timadontho tofanana kukula, kadontho kamodzi pa dzino lililonse la kumbuyo, kumanja ndi kumanzere. Pakapezeka dontho limodzi lalikulu lodera kwambiri, ndiye kuti dzino limenelo likusenza katundu wa anzake onse. Amapala pamenepo ndi makina, kulumitsanso, kupalanso, mpaka madontho afanane. Akatero amasintha n'kuika kapepala kofiira, inu n'kusuntha nsagwada kumanja, kumanzere ndi kutsogolo. Mizere yofiira iyenera kuoneka pa mano osongoka okha, amene ali m'mbali mwa mano a kutsogolo, kusonyeza kuti mano a kumbuyo akutalikirana nsagwada ikasuntha. Minofu imakanika kufinya ndi mphamvu zake zonse mano a kumbuyo akakhala kuti sakugundana. Musalole kupatsidwa splint m'kabokosi n'kuuzidwa kuti mukavale kunyumba izi zisanachitike. Splint yosapalidwa bwino imatha kuwonjezera ululu umene munabwera nawo.

Valani usiku wokha pokhapokha dokotala atanena zina, ndipo musadye muli nayo m'kamwa. Tsukani mano musanavale, chifukwa shuga wotsekeredwa pansi pa pulasitiki usiku wonse amabowola mano. Masiku oyamba malovu amachuluka, ena amaivula m'tulo osadziwa, ndipo m'mawa mano amamveka ngati sakukumana bwino kwa mphindi zingapo. Zimenezi zimatha zokha. Bwererani pakatha sabata imodzi kapena ziwiri: minofu ikayamba kumasuka nsagwada imakhala mosiyana pang'ono, timadontho tija timasuntha, ndipo pamafunika kupalanso. Ngati papita miyezi itatu osamva kusintha kulikonse, dokotala aunikenso chimene chikuyambitsa ululu. Kumangovalabe sikungasinthe kanthu.

Zolakwika zambiri zimachokera ku mtundu wa splint. Splint zofewa, kuphatikizapo zogula zoviika m'madzi otentha n'kuluma, zimachititsa anthu ena kumazitafuna ngati chingamu usiku wonse, m'mawa minofu n'kukhala yotopa kuposa kale. Zophimba mano a kutsogolo okha ndi zoopsa zikavalidwa nthawi yaitali: mano a kumbuyo amene alibe chogundana nacho amatha kutalika pang'onopang'ono, ndipo tsiku lina munthu amapeza kuti mano a kutsogolo sakukumananso, vuto limene kukonza kwake n'kovuta ndiponso kodula. Chifukwa chomwecho, splint yothyoka chidutswa cha kumbuyo isavalidwenso mpaka itakonzedwa. Ngati mumaliza mkonono kwambiri kapena mumabanika m'tulo, muuzeni dokotala asanadinde mano, chifukwa splint ya m'mwamba imatha kukulitsa vutoli mwa anthu ena. Ana amene mano awo akusinthabe sayenera kuvala splint yolimba popanda kuonedwa pafupipafupi.

Mukaivula m'mawa, itsukeni ndi madzi ozizira, sopo wamba ndi mswachi wofewa wakewake. Mankhwala otsukira mano amaikanda n'kusiya timing'alu mosungira tizilombo, ndipo madzi otentha kapena dzuwa la pawindo zimaipinda. Isungeni m'kabokosi kake, kutali ndi agalu, chifukwa amakopeka ndi fungo la malovu n'kuitafuna.

Masana minofu imafunika kupumitsidwa ndi inu nomwe. Pamene simukudya kapena kumeza, milomo itsekeke koma mano asagundane, lilime likhale kumwamba kuseri kwa mano a kutsogolo. Dziyang'anireni mukamayendetsa galimoto, mukamanyamula katundu wolemera kapena mukamaganiza kwambiri, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amaluma osadziwa. Thowani masaya ndi kansalu ka madzi ofunda kwa mphindi 15, kawiri pa tsiku. Kwa masabata awiri kapena atatu siyani nzimbe, chimanga chootcha, chingamu ndi nyama yolimba, ndipo botolo musalitsegule ndi mano. Nsima yofewa, mazira, nsomba ndi masamba ophika bwino zimadyeka popanda kuvutitsa nsagwada, ndipo tafunirani mbali zonse ziwiri.