Sungani mapu m'foni, koma Incognito musaidalire kwambiri

Mapu a m'foni safuna bandulo nthawi zonse. Ambiri mwa a kwathu okhala kuno ku Harare, m'madera a Mbare, Mufakose, Highfield, Mabvuku ndi Epworth amaganiza kuti bandulo ikatha, mapu nawo afa. Sichoncho ayi. Kadontho kabuluu kosonyeza pamene mwaima kamadalira GPS, ndipo GPS imalandira uthenga kuchokera ku masetilaiti mlengalenga, osati kwa makampani a netiweki ngati Econet kapena NetOne. Chimene chimadya bandulo ndi chithunzi cha misewu, ndipo chimenecho mungathe kuchisungiratu.

Mukapeza Wi-Fi, kaya kuntchito kapena kwa mnansi, tsegulani Google Maps, dinani kachithunzi kanu kamene kali pamwamba kudzanja lamanja, musankhe Offline maps, kenako Select your own map. Kokani bokosilo mpaka Harare yense alowemo, kuphatikizapo Chitungwiza ndi Ruwa, ndiye dinani Download. Yambani mwaona ngati m'foni muli malo okwanira. Mapu osungidwa chonchi amalondolera njira ya galimoto yokha, ndipo sakuuzani kumene magalimoto athinana. Ngati mumayenda kwambiri wapansi, yesani Organic Maps kapena OsmAnd. Awa amatenga mapu ku OpenStreetMap ndipo amalondolera woyenda pansi ngakhale netiweki palibe.

Amene mukupita kumudzi, apa mvetsetsani. Basi yochoka ku Harare kupita ku Blantyre imatulukira pa Nyamapanda, n'kudutsa m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kuwoloka Zambezi, mpaka kukalowera pa Zobue ndi Mwanza. Ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 600. Mukangodumpha chipata cha Nyamapanda, laini yanu ya Zimbabwe imakhala chete pokhapokha mutatsegula roaming, ndipo mtengo wake ndi wowawa. Sungiranitu mapu a msewu wonsewo musanakwere basi, kuti ikawonongeka pakati pa tchire mudziwe kuti tauni yapafupi ndi iti. Amene analipo mu Januwale 2019, pamene intaneti inatsekedwa m'dziko muno la Zimbabwe kwa masiku angapo, safunika kuuzidwa kawiri.

Vuto lina la Harare ndi mayina a misewu. Mapu akuti Simon Muzenda Street, kondakitala wa kombi akukuwa kuti Fourth. Mapu akuti Sam Nujoma, anthu akuti Second Street. Mlendo wochokera ku Mulanje amene wangotsika kumene pa siteshoni ya mabasi ya Roadport musamulondolere ndi mayina amenewa, mungomusokoneza. Mutumizireni location pa WhatsApp. Nayenso akutumizireni live location, imene imayenda naye kwa mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8 malinga ndi zimene wasankha. Mukakumana muizimitse, ndipo musaiponye pa gulu la mpingo kapena la maliro lokhala ndi anthu oti ena simukuwadziwa n'komwe.

Tsopano za Incognito, zenera lachinsinsi lotsegulira intaneti pa Chrome, limene pa Firefox amalitcha Private window. Apa ndi pamene anthu ambiri akunamizika. Mukatsegula Incognito, foni kapena kompyuta siisunga mndandanda wa masamba amene mwatsegula, siikumbukira zimene mwalemba m'mafomu, ndipo mukatseka zenera lake, maakaunti amene munalowa amatuluka okha. Ntchito yake yathera pomwepo. Kuli ngati kusesa mapazi anu pabwalo la pakhomo: wa m'nyumba sadziwa kumene munapita, koma amene anakuonani mumsewu anakuonani ndithu. Kampani ya netiweki, mwini Wi-Fi, abwana anu ngati kompyuta ndi ya ku ofesi, onsewa angathe kudziwa mawebusaiti amene mwafikako. Mukalowa mu Gmail kapena Facebook muli mu Incognito, makampaniwo akudziwani kale kuti ndinu. Mu 2024, pofuna kuthetsa mlandu ku America, Google inavomera kufufuta zambirimbiri zimene inatolera kwa anthu amene ankayesa kuti abisala mu Incognito.

Ndiye ilibe phindu? Phindu lilipo, pa chipangizo chimene si chanu. Tiyerekeze kuti mwalowa mu kafe ya intaneti m'tauni kuti musindikize CV kapena kope la pasipoti. Musanalembe chilichonse, dinani Ctrl, Shift ndi N pamodzi ngati ndi Chrome, kapena Ctrl, Shift ndi P ngati ndi Firefox. Zenera lakuda likatuluka, lowani mu imelo yanu mmenemo. Chimodzimodzi pobwereka foni ya mlamu wanu, kapena pofufuza za matenda pa foni imene ana amaseweretsanso madzulo.

Koma za kubanki pa kompyuta ya mu kafe, ine ndikuti ayi. Incognito siingakutetezeni ngati wina anaikamo pulogalamu yojambula mabatani onse amene mukudina. Siitchinganso mawebusaiti achinyengo: linki yolonjeza ntchito ku Johannesburg kapena thandizo la ndalama, imene ikupempha PIN ya EcoCash kapena nambala yachinsinsi yobwera pa SMS, ndi ya akuba, kaya mwaitsegula pa zenera loyera kapena lakuda. Za VPN ndingonena mwachidule. Imabisa mawebusaiti anu kwa mwini netiweki, koma mwini VPN ndiye amayamba kuwaona, choncho zaulere zosadziwika mwini wake zisiyeni.

Musananyamuke pa mpando wa mu kafe muja, kumbukirani kuti fayilo imene mwapanga dawunilodi imatsala mu kompyuta ngakhale mutatseka Incognito. Tsegulani foda ya Downloads pa makompyuta a m'malo otere, nthawi zambiri mupezamo ziphaso, makalata a sukulu ndi zithunzi za anthu amene anachoka kalekale. Fufutani yanu, mupitenso mu Recycle Bin mukaifufute kachiwiri. Ngati munalumikiza WhatsApp ku kompyutayo, tsegulani Linked devices pa foni yanu, muone ngati kompyuta ya mu kafe ikuonekabe pa mndandanda, ndipo ngati ilipo dinani Log out musanatuluke pakhomo.