Akulemberani kalata yopita kuchipatala chachikulu? Musathamangire minibasi

Chaka chatha ndinayenda ndi amayi anga pa nkhani ya maso. Ng'ala inawaphimba diso lakumanzere mpaka anasiya kusankha nyemba, ndipo kuchipatala anatilembera kalata yopita ku Blantyre. Ndalemba izi kuti wina asataye ndalama ya thiransipoti ngati mmene ndinatayira ine.

Njira yake ambiri mukuidziwa. Mumayambira ku chipatala chaching'ono cha kwanu, iwo akaona kuti zawakulira amakutumizani ku chipatala cha boma pa Mulanje, kapena pa Thyolo ngati ndinu a uko. Zikafunika dokotala wa matenda apadera, mpamene mumamva za Queen Elizabeth, chipatala chachikulu cha ku Blantyre chomwe akuluakulu amangoti ku Gulupu. Musalumphe makwerero amenewa, pokhapokha ngati ndi ngozi kapena munthu wadwalika. Ena amadzera ku Mulanje Mission kapena ku Malamulo ku Makwasa. Uko ndi kwa mishoni, choncho funsiranitu zomwe n'zolipira.

Za buku la kuchipatala sindichulutsa. Litengeni, lakale lodzadza lija nalonso musalisiye, ndi chiphaso cha unzika.

Tsopano pomwe ndinagwa ine. Kalata si tsiku. Ndibwereze: kukhala ndi kalata m'manja sikutanthauza kuti dokotala akukudikirani. Zipatala zikuluzikulu zimagawa masiku, a mafupa tsiku lawo, a khungu lawo, a shuga lawo, ndipo kwina odwala atsopano amayamba alembetsa kaye n'kupatsidwa deti. Ine nditalandira kalata Lachinayi ndinangoti zikomo adokotala, n'kutuluka. Sindinafunse kanthu. Lachisanu 4 koloko m'mawa ndinadzutsa amayi, kabaza mpaka pa Chitakale, minibasi ya msewu wa Midima, pa Limbe n'kusinthanso ina. Makilomita oposa 60, munthu wosaona bwino ndikumugwira dzanja potsika paliponse. Tinakhala pa benchi mpaka dzuwa litakwera, kenako anesi anaona kalata ija n'kutiuza mwaulemu kuti tsiku limenelo silinali loona vuto ngati lathu. Anatilembera deti m'buku, patsogolo milungu itatu. Pobwerera amayi sanandikalipire. Anangoti, “Mwana wanga, pakamwa mpofunsira.” Mawuwo anandiwawa kuposa ndalama.

Ndiye musanachoke m'chipinda cha amene wakulemberani kalatayo, funsani zinthu izi ndipo aziyankha mukulemba. Ndikupita ku kiliniki yanji, dzina lake? Imakhala tsiku liti pa sabata? Deti mundipezera ndinu, kapena ndikalembetsa ndekha? Pali zoyeza zoti ndichitiretu konkuno? Funso lomalizali limapulumutsa ulendo wathunthu, chifukwa asanachite opaleshoni ya ng'ala amafuna kudziwa za BP ndi shuga, ndipo zimenezo akhoza kuyeza kwanu komweko. Ngati malembedwe a adokotala akukuvutani, ndipo amavutadi, apempheni akuwerengereni detilo mokweza. 1 ndi 7 zimafanana kwambiri zikalembedwa mothamanga. Funsaninso ngati pali tsiku lomwe ambulansi imatenga odwala otumizidwa. Malo sapezeka nthawi zonse, koma kufunsa salipiritsa.

Ngati muli ndi m'bale ku Bangwe kapena ku Ndirande, mutumizireni chithunzi cha kalatayo pa WhatsApp akakufunsireni. Ine nzeru imeneyi inandibwerera tili kale mu minibasi yobwerera.

Kalatayo ichititseni fotokope, ijambuleninso pa foni, yeniyeniyo muike mu jumbo. Mvula ya kuno kwathu kuphiri siichenjeza, ndipo inki ya bolopeni ikanyowa kwatha.

Kudikira kwenikweniko. Mankhwala omwe munapatsidwa pitirizani, akatha bwererani komwe anakulemberani, musadikire deti ya ku Blantyre. Matenda akasintha, kupweteka kwakula, kutupa, kutentha thupi, pitani tsiku lomwelo ndipo munene kuti muli pa mndandanda wodikira. Kulinso Chipatala cha pa Foni, komwe amapereka uphungu mwaulere. Ndipo chonde, anthu oyenda ndi zikwama za mankhwala pa tsiku la msika aja apewereni kutali. Wina anatitsatira mpaka pakhomo ndi kabotolo kopanda chizindikiro, akuti kamasungunula ng'ala m'masiku atatu. Ng'ala sichoka ndi madontho, imafuna opaleshoni. Kabotoloko mtengo wake unali wokwanira ulendo wa munthu mmodzi kupita ku Limbe.

Pa za ndalama, ikani pambali ya maulendo awiri kapena atatu, ya anthu awiri, chifukwa ulendo woyamba nthawi zambiri amangoyeza n'kukupatsani deti ina. Sinditchula mtengo wa minibasi. Chichokereni kugwa kwa kwacha mu November 2023, mtengo umene wamva lero sukhala wa mwezi wamawa, makamaka mafuta akasowa. Funsani kondakitala dzulo lake. Ndalamayo isungeni pa Mpamba kapena Airtel Money, m'nyumba imathera ndiwo.

Tsiku likafika, lawirani. Ngati n'kotheka kagoneni kwa m'bale m'tauni. Tengani madzi, mbatata yophika, chitenje chofunda. Akakuyandikirani munthu wopanda yunifolomu n'kunena kuti akudutsitsani pa mzere mukamupatsa ya fanta, mukaneni. Chithandizo cha boma n'chaulere, ndipo wina akakuumirizani funsani ofesi ya ombudsman, wolandira madandaulo a odwala pachipatalapo.

Potuluka onetsetsani kuti deti yotsatira yalembedwa m'buku. Zotsalazo anesi akuuzani. Ife ulendo wachitatu anawachita opaleshoni, ndipo nyemba za chaka chino asankha okha.