Momwe mungayendetsere tsamba la mchezo la dipatimenti yosula madokotala a mafupa

Mu 2020, mliri wa Covid-19 utaimitsa maulendo, ophunzira za udokotala ku America amene ankafuna ukatswiri wa mafupa analephera kupita kukagwira ntchito masabata angapo m'zipatala zomwe ankazisirira, monga anzawo ankachitira zaka zam'mbuyo. Mafunso osankhira ophunzira ankachitikira pa kompyuta. Zipatala zophunzitsa zitasowa pokokera anthu, zambiri zinathamangira ku Instagram ndi Twitter kuti ofuna malo azionako nkhope za aphunzitsi ndi mmene tsiku limathera mu fiyeta. Mliri unadutsa, masamba aja anatsala.

Kwathu kuno osula madokotala a mafupa alipo. Pali COSECSA, koleji ya madokotala a opaleshoni ya kummawa, pakati ndi kummwera kwa Africa, yomwe likulu lake lili ku Arusha ndipo imaphunzitsira m'zipatala zomwe inavomereza m'maiko a chigawo chino. Pali yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ndi chipatala cha Queen Elizabeth, Beit CURE yomwe inatsegulidwa ku Blantyre mu 2002, ndi LION, chipatala cha mafupa ndi opaleshoni ya ubongo, ku Kamuzu Central. Maphunziro a ma clinical officer a mafupa anayamba mu 1985, ndipo iwowa ndi amene amamanga zikhakha zambiri m'zipatala za m'maboma. Ngati muli m'dipatimenti yotere ndipo akulu akuuzani kuti "inu achinyamata titsegulireni tsamba", dziwani kuti tsamba lanu sadzaliona ofuna maphunziro okha. Adzaliona ndi azakhali a wodwala amene wagona pa bedi lachitatu.

Yambani ndi kalata, foni pambuyo

Pezani chilolezo cholembedwa kuchokera kwa mkulu wa dipatimenti ndi mkulu wa chipatala, ndipo ngati pali mneneri wa chipatala, adziwe. Tsegulirani tsambalo pa imelo ya dipatimenti, osati ya munthu. Oyang'anira akhale awiri kapena atatu: mphunzitsi mmodzi wokhazikika, ndi wophunzira amene ali ndi dzanja lojambula. Wophunzira amamaliza n'kutumizidwa ku Mzuzu kapena ku Zomba, ndipo ngati pasiwedi inali m'mutu mwake mokha, tsamba lafera pomwepo. Yatsaninso njira yotsimikizira kawiri polowa.

Sankhani bwalo limodzi

Anthu ambiri kuno ali pa Facebook, choncho yambirani pamenepo. Instagram kapena LinkedIn mudzawonjezere mukaona kuti mukufuna kufikira madokotala anzanu akunja. Gulu la pa WhatsApp lomwe mumakambirana za odwala lisasakanikirane ndi tsambali ngakhale pang'ono. Ndipo kumbukirani bandulo ya owerenga: kanema asapitirire mphindi imodzi.

Chilolezo cha wodwala

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Fomu yomwe wodwala anasainira kuti achitidwe opaleshoni sikupatsani ufulu womujambula n'kumuika pa intaneti. Zimenezo n'zinthu ziwiri zosiyana. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act la 2024 limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zinthu zofunika kusamalidwa mwapadera, ndipo Medical Council of Malawi ikhoza kumuitana dokotala woulula za wodwala. Koma ngakhale malamulowo akanakhala kulibe, vuto lenileni ndi ili: wodwala wathu sakana dokotala. Bambo amene wathyoka ntchafu pa ngozi ya kabaza, wakhala masabata akudikira chitsulo, mukamufunsa kuti "tikujambuleni?" adzangoti "palibe vuto adokotala", poopa kuti akakana dzina lake litsika pa mndandanda wa ku fiyeta.

Choncho wopempha asakhale dokotala amene adzamuchite opaleshoni. Tumani namwino kapena wophunzira wina, ndipo apite wodwala atayamba kupeza bwino, osati akubuula. Mawu ake akhale omasula munthu: "Bambo, tili ndi tsamba la pa Facebook lomwe timaphunzitsirapo. Tikupempha kuikapo chithunzi cha fupa lanu, popanda dzina ndi nkhope. Mukakana, thandizo lanu silisintha." Kenaka awasiye aganize, akambirane ndi gadiyani wawo. Fomu ikhale ya m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, iwerengedwe mokweza kwa amene sadziwa kuwerenga, adinde chala pali mboni. Muwauze zoona zake, kuti akadzasintha maganizo mudzachotsa chithunzicho pa tsamba lanu, koma amene anachisunga kale m'foni mwake simungamulande.

Mwana amamuvomerezera ndi kholo lake, koma ngati ndi wamkulu woti n'kumva, mufunseni nayenso. Ine ndimaona kuti nkhope ya mwana wodwala ndi bwino kungoisiya, ngakhale mayi ake atavomera ndi mtima wonse. Mwanayo adzakula, adzalowa sekondale, ndipo anzake ali ndi mafoni.

Chiyang'aneni chithunzi ngati mdani

Ndinaonapo pa chipatala china wophunzira atanyamula X-ray pa windo, dzuwa likuwala kumbuyo, n'kujambula fupa lomwe analumikiza bwino kwambiri. Anaika pa tsamba monyadira. Pa kona yakumanzere panali dzina lonse la mayi, zaka zawo ndi tsiku. Pasanathe ola, wina analemba pansi pake kuti "awa si amayi a kwathu awa?" Fupa lija palibenso amene analiona.

Musanatumize, kulitsani chithunzi ndi zala ziwiri n'kuyendera ngodya zonse zinayi. Dzina, nambala ya fayilo ndi tsiku zidulidwe ndithu, osangophimba ndi kachizindikiro. Onani kumbuyo: bolodi ya ku fiyeta yolembedwa maina a odwala a tsikulo, nambala ya bedi, wodwala wina amene wagona chapatali osafunda. Kutseka maso ndi kamzere kakuda sikubisa munthu. Anthu amadziwana ndi chitenje, mphini, chipsera, ngakhale mkanda wa m'dzanja. Zimitsaninso chosonyeza malo pa kamera ya foni.

Nthawi nayo imaulula. Minibasi ikagubuduzika pa msewu wa M1 Lachiwiri, inu n'kuika chithunzi cha mwendo wophwanyika Lachitatu, mudzi wonse wadziwa mwini mwendo. Dikirani miyezi ingapo, ndipo musatchule malo a ngozi.

Muziikapo chiyani?

Zambiri zokoma sizifuna wodwala n'komwe. Wofuna kudzaphunzira kwa inu akufuna kudziwa mmene sabata imayendera: lipoti la m'mawa, kuyendera mawodi, tsiku la kiliniki, usiku wa kolo (wodikirira odwala obwera mwadzidzidzi). Jambulani ophunzira akuyeserera kuboola ndi kumanga zitsulo pa mafupa apulasitiki. Mlekeni wophunzira wa chaka choyamba alembe yekha za tsiku lake, kutopa kwake asabise. Ngati muli ndi madokotala achizimayi, aonekere, chifukwa atsikana ambiri amauzidwa kuti za mafupa n'za amuna amphamvu. Ikani poyera zofunika polembetsa, masiku otsekera ndi kumene angafunse za thandizo la fizi. Anzanu ogwira nawo ntchito nawonso muziwapempha musanawajambule.

Popeza anthu wamba akuwerenga, apatseni chawo m'Chichewa. Mwana wobadwa ndi mapazi opindika amawongoka bwino ndi njira ya Ponseti akayamba zikhakha m'masabata oyambirira. Amene wamangidwa chikhakha, zala zikatupa, kuzizira, kuchita dzanzi kapena ululu ukamakulirakulira, abwerere kuchipatala nthawi yomweyo, asadikire tsiku lomwe anapatsidwa. Uthenga wotere umodzi umaposa zithunzi khumi za madokotala ataimirira pa msonkhano ku hotela. Zithunzi za magazi ndi mabala otseguka zisiyireni m'kalasi. Makampani ogulitsa zitsulo za mafupa akakupemphani kuti muwatchule, nkhaniyo ipite kwa mkulu wa dipatimenti.

Kuika zinthu pa tsamba kawiri pa sabata n'kokwanira, bola osadumphitsa.

Ndemanga ndi inbox

Tsamba likangodziwika, anthu ayamba kutumiza ma X-ray awo usiku. Musayeze munthu pa foni. Konzeranitu yankho limodzi laulemu: "Pepani ndi ululuwo. Pano sitingathe kukuyezani. Pitani kuchipatala chomwe muli nacho pafupi, akakuoneni, ndipo ngati kuli kofunika akutumizani kuno." Wina akalemba modandaula kuti m'bale wake sanathandizidwe bwino, musatsutsane naye pagulu, ndipo musavomereze n'komwe kuti munthuyo anagonapo kwa inu. Mpatseni njira yofikira kwa ombudsman wa chipatala, amene amalandira madandaulo. Zotukwana chotsani, koma dandaulo laulemu lisiyeni lioneke.

Pakatha miyezi itatu

Khalani pansi ndi mkulu wa dipatimenti, muone zomwe anthu anawerenga kwambiri, ndipo ophunzira atsopano akabwera afunseni ngati tsambalo linawathandiza posankha. Mafomu onse a chilolezo akhale mu fayilo imodzi yokhomeredwa, chithunzi chilichonse ndi fomu yake. Tsiku lomwe woyang'anira wina akutsanzika, sinthani pasiwedi iye asanatuluke pa geti, ndipo zithunzi za odwala zomwe zili m'foni mwake azifufute inu mukuona.