Kasewenzetsedwe ka Bandeji Yofewa ya Silikoni pa Khungu la Okalamba

Bandeji iyi ndi ya anthu amene khungu lawo linapepuka cifukwa ca ukalamba kapena kumwa mankhwala monga prednisolone kwa nthawi yaitali. Khungu lotelo limang'ambika ndi zinthu zazing'ono: kugunda ngodya ya bedi, kukandidwa ndi zikhadabo, kapena kukokedwa mkono powadzutsa agogo pa mpando. Mbali yokhudza cilonda ili ndi silikoni wofewa, amene amagwila khungu louma koma samamatila pa cilonda conyowa. Pulasitala wamba musamuike pa khungu lotele ngakhale pang'ono, cifukwa pomatula amapita ndi khungu.

Yambani ndi kusamba m'manja ndi sopo. Ngati magazi akutuluka, dindikizani cilonda ndi kansalu koyela kwa mphindi 10, mkono kapena mwendo uli m'mwamba. Odwala amene amamwa warfarin kapena aspirin magazi awo amacedwa kuleka. Tsukani cilonda ndi saline wa 0.9% (madzi a mcele a kucipatala otsukila zilonda), ndipo ngati mulibe, madzi owilitsa amene azizila ndi okwanila. Musathilepo sipiliti, GV, mankhwala otsukila mano, phulusa kapena masamba osinja. Thonje nalonso ayi, limasiya ulusi m'cilonda.

Apa ndiye pofunika kufatsa. Khungu likang'ambika, nthawi zambili kacikopa kamatsala kolendewela mbali imodzi, kokwinyika ngati pepala lonyowa. Musakadule. Kanyowetseni ndi saline, kenako kayaleni pang'onopang'ono ndi cala covala gulovu mpaka kabwelele pamalo pake. Osakakoka kuti kafike m'mphepete. Pamene kalekela, kasiyeni pomwepo. Kacikopa ako ndi kamene kamaphimba bwino cilonda kuposa bandeji iliyonse, ndipo kakakhala pamalo pake masiku angapo kamatha kugwilananso ndi mnofu. Ngati kauma kapena kacita bii, uzani anasi.

Pukutani khungu la m'mbali mwa kungogusa, osati kukhula. Sankhani bandeji yopitilila cilonda ndi masentimita 2 mbali zonse. Cotsani kapepala ka kumbuyo, ikani mbali yomata pa cilonda osaitamula, ndipo isalazeni ndi cikhatho. Ikafuna cogwiliza, kulungani bandeji ya nsalu pamwamba mosathina, tepi imate pa nsaluyo osati pa khungu. Mukatha, tengani bolopeni mulembe deti pa bandeji, mujambulenso muvi woyambila kumene kacikopa kali kolumikizika kuloza kumene kanang'ambikila. Ambili amadumpha zimenezi poona ngati n'zacabe, koma pakhomo amene amamanga cilonda Lolemba si amene adzamasula Lacisanu. Wina akamatula motsutsana ndi muviwo, kacikopa kamene kanayamba kugwila kamazuka konse.

Bandeji ingakhale masiku 5 mpaka 7. Kutsegula tsiku lililonse kuti muone m'kati kumacedwetsa kupola. Isintheni msanga pokhapo ngati yanyowa mpaka m'mphepete, yada kapena yamatuka. Pocotsa, tsatilani muvi uja. Dzanja limodzi ligwilize khungu, linalo lipinde bandeji mobwelela pafupi ndi thupi, osaikokela m'mwamba. Ikakanilila, inyowetseni ndi saline mudikile pang'ono. Auzeni ambuya zimene mukucita, ndipo akanena kuti zikuwawa, imani.

Bandeji imodzi imasewenza kamodzi cabe. Paketi yong'ambika, yonyowa kapena yopitilila deti itayeni. Sungani pamalo ouma, osafika dzuwa, makamaka m'nyengo yotentha ya Okutobala, ndipo gulani ku famasi yokhala ndi cilolezo ca ZAMRA, bungwe loyang'anila mankhwala ku Zambia.

Pitani ku kliniki tsiku lomwelo ngati magazi sakuleka, cilonda ndi cakuya kapena cacikulu, cikutuluka mafinya kapena kununkha, m'mbali mwatupa ndi kutentha, ululu ukukula, kapena wodwala watentha thupi kapena wayamba kusokonezeka mutu. Amene ali ndi matenda a shuga asadikile zizindikilo zimenezi, makamaka cilonda cikakhala kuphazi. Ngati anavulala ndi citsulo kapena m'munda, funsani za katemela wa kafumbata. Cilonda columidwa ndi galu sicofunika kutseka ndi bandeji iyi. Citsukeni ndi sopo ndi madzi ambili kwa mphindi 15, kenako thamangilani ku cipatala.

Kuti khungu lisang'ambikenso, adzozeni mafuta osanunkhila m'mikono ndi m'miyendo m'mawa ndi madzulo. Kafukufuku wa ku Australia wa mu 2014 anapeza kuti kudzola kawili pa tsiku kunacepetsa zilonda zotele pafupifupi ndi theka m'nyumba zosungilamo okalamba. Wengani zikhadabo zanu ndi zawo, vulani mphete powasambika, avalikeni malaya a manja aatali, ndipo powadzutsa ikani cikhatho kumsana m'malo mowakoka mkono.