Kusintha ma bering'i a makina ochapira zovala

Makinawa, otsegulira kutsogolo, ankalira mokhokhoma pokamula madzi, ndipo kumbuyo kwa tanki kunali mizere ya dzimbiri. Dramu, momwe mumalowa zovala mkati mwa tankiyo, ndikaikankha m'mwamba ndi dzanja inkagwedera. Gwero la vuto linali seal, rabala yotchinga madzi kuti asafike ku ma bering'i: itatha, madzi a sopo analowa n'kutsuka girizi yense m'ma bering'i.

Ndinazula pulagi, n'kutseka madzi. Kenako ndinachotsa lamba, pule (gudumu lomwe lamba amazungulitsa), miyala ya simenti yolemeretsa tanki, mawaya a hita ndi masipuling'i, ndisanalekanitse tanki pakati. Mawaya ajambuleni musanawazule, amasokoneza pobwezera.

Ma bering'i akale ndinawagogoda ndi chitsulo kuchokera mbali inayo, mozungulira pang'onopang'ono kuti asapendeke n'kuwononga bowo. Anali 6205 ndi 6206, omwe mabowo ake ndi a 25 mm ndi 30 mm. Nambala werengani pa anu akale, chifukwa makina amasiyana.

Poika atsopano ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Menyani mkombero wakunja wokha, kudzera pa bering'i yakale. Mukamenya wamkati, timipira tachitsulo ta mu bering'i timaboola njira yake ndipo phokoso limabwerera posachedwa. Shafiti, chitsulo chomwe chimazungulitsa dramu, nayonso iyang'aneni bwino pamene seal imakhudza. Pa shafiti yanga panali dzimbiri lochepa, ndinapala ndi sandipepala wosalala. Pakakhala ngalande yozama, seal yatsopano idzadonthabe, shafitiyo isinthidwe.

Seal yatsopano ndinaipaka girizi wosasungunuka m'madzi, n'kuika rabala yatsopano pomwe tanki imalumikizana. Ndinayesa kukamula mulibe zovala: phokoso linatha, pansi panali pouma.