Momwe mungadziwire ngati galasi la pa 3D printer yanu ndi lathyathyathya

Ambiri timangoganiza kuti galasi lililonse ndi lowongoka, koma ayi ndithu. Layer yoyamba, pulasitiki yoyamba kuyalidwa pagalasi, nthawi zambiri imakhala 0.2mm basi, ndiye galasi likangopindika pang'ono nozzle, kamlomo kotulutsa pulasitiki, imakanda mbali ina pomwe mbali inayo pulasitiki ikungodutsa osamata, iwe nkumapotokola ma knob okwezera ndi kutsitsira bedi (mbale yotentha pomwe galasi limakhala) usiku wonse. Ine ndinavutika nazo pa printer yanga ya Ender 3 ndipo sindifuna wina ataye filament, pulasitiki yosindikizira ija, chonchi.

Choyamba chotsani galasilo mulitsuke ndi sopo wa mbale ndi madzi ofunda. Likauma musaligwirenso pamwamba, mafuta a m'zala amalepheretsa filament ya PLA kumata.

Chachiwiri tengani rula yachitsulo muiimike pagalasipo, kuseri kwake muyatse tochi ya foni. Kuwala kukamadutsa pansi pa rula ndiye kuti pamenepo palowa. Yesani m'litali, m'lifupi komanso mopingasa kuchoka pakona ina kufika pakona ina. Pepala la A4 la 80gsm limakhala pafupifupi 0.1mm, likamalowa pansi pa rula momasuka vuto lilipo.

Chachitatu, apa ndi pomwe ambiri amadumpha. Bwezerani galasi pa bedi, tenthetsani kufika 60°C ndipo mudikire mphindi ngati 10 chifukwa galasi limachedwa kutentha, kenako yezani mpata wa pakati pa nozzle ndi galasi m'makona onse anayi ndi pepala lija, mumalizire pakati. Mukapeza polowa, tembenuzani galasi madigiri 90 muyezenso. Polowa paja pakasuntha limodzi ndi galasi, lolakwa ndi galasi. Pakakhala pomwe paja, musawononge ndalama kugula lina, yapindika ndi aluminiyamu ya bedi pansi pa galasi kapena mawilo omwe bedi imayendera akhwepa. Onaninso ma clip opanira galasi pa bedi, mukapana kwambiri galasi lopyapyala limangotsatira kupindika kwa aluminiyamuyo, nchifukwa chake ine ndimakonda la 4mm kuposa la 3mm.

Nanga mukafuna lina? Galasi wamba la mawindo, float glass, amalipanga poliyandamitsa pa tin wosungunuka, njira yomwe kampani ya Pilkington inayambitsa ku England m'zaka za m'ma 1950, ndiye limatuluka losalala bwino zedi, kalilole nayenso ndi yemweyo. Odula magalasi atha kukudulirani 235mm mbali zonse ngati ndi la Ender 3, muwapemphe apale m'mphepete lisakuchekeni. Galasi la tempered ndi lolimba koma nthawi zina limakhala ndi timafunde chifukwa limayenda pa ma roller likadali lotentha, komanso silidulika, limangophwanyika. Borosilicate, mtundu wina wa galasi, imapirira kutentha ndi kuzizira mwadzidzidzi koma nayo muiyeze ndi rula musanaikhulupirire.

Galasi latsopano likakhala lokhuthala kwezani Z switch, yomwe imaimitsa nozzle ikamatsika, kuti nozzle isagunde galasi. Ndipo pa filament ya PETG pakani glue stick pagalasi kaye, PETG imamata moti imatha kuzula kachidutswa ka galasi, dikirani bedi izizire chinthucho chimasuka chokha.